Kodi Mayi Wopirira Ayenera Kukumbukiridwa Motani?

PAMENE mayi wokalamba amene analera ana, adzukulu, ndi zidzukulutudzi wamwalira, wachibale wina amaimirira pamaliro kuti aŵerenge mbiri yake. Amatchula chaka chimene malemuyo anabadwa, mudzi wa kwawo, chaka cha ukwati, ndi chiŵerengero cha ana amene wasiya. Ndiyeno zaka 80 kapena 90 za moyo zimamangidwa m'mawu oŵerengeka: anali mayi wopirira. Khamu limavomereza, pakuti mawuwo ngoona. Koma kodi ngokwanira? Kodi kutamanda chipiriro cha mayi kumamlemekeza nthaŵi zonse, kapena kodi nthaŵi zina kumangotonthoza otsala, kukumawamasula ku thayo la kufunsa chimene iye anapirira ndi amene anamsenzetsa katunduyo?

Funso limeneli silingayankhidwe bwino mwa kulankhula za amayi onse pamodzi. Lifunikira malo enieni ndi moyo weniweni. Talingalirani zimene zinachitika ku Bellville, tauni ya pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa mzinda wa Cape Town, ku South Africa. Chapakati pa ma 1970, m'mphepete mwa msewu wa Modderdam, pafupi ndi University of the Western Cape, munabuka mudzi wa zisakasa za malata, matabwa, ndi mapulasitiki. Ambiri a okhalamo anali mabanja a Axhosa ochokera ku Transkei ndi Ciskei. Amuna ena anali ndi chilolezo cha kugwira ntchito mumzindawo, koma malamulo a ulamuliro watsankho wa apartheid anafuna kuti iwo azigona m'nyumba za amuna okhaokha, pamene akazi ndi ana awo anayenera kutsala kumudzi, pamtunda wa makilomita 1,000 kapena kuposapo. Akazi ambiri anakana ukwati woonana kamodzi pachaka. Anabwera popanda mapasi, namanga pamchenga. Mu August 1977, mkati mwa nyengo yozizira ndi yamvula ya ku Cape, boma linatumiza makina ogumulira nyumba, ndipo m'masiku oŵerengeka anthu zikwi zambiri anatsala pamtetete. Mudzi wapafupi wa Werkgenot unagumulidwa mwezi womwewo, ndipo wa Unibel mu January 1978.

Mkazi amene anali ndi zaka 35 m'chisanu chimenecho, ngati akali moyo, tsopano wapitirira zaka 80. Ena a agogo amene akuikidwa m'manda m'zaka zino ku Crossroads, ku Khayelitsha, ndi kumidzi ya ku Eastern Cape ali akazi ameneŵa, ndipo maina a ambiri a iwo sanalembedwe m'buku lililonse la mbiri. Komabe, pali mkazi wina wa mbadwo wa amayi awo, wochokera ku Transkei komweko, amene anayenda njira imodzimodziyo zaka zoposa 40 poyambirira, ndipo mbiri yake inasungidwa. Ameneyo ndi Mayi Dora Tamana.

Zimene Zaka 81 Zinanyamula

Mayi Tamana anabadwa mu 1901 m'chigawo cha Nqamakwe. Pamene anali mtsikana, banja lawo linaloŵa mpingo wotchedwa Aisrayeli, wotsogozedwa ndi mlaliki Enoch Mgijima. Otsatira ake anasonkhana ku Ntabelanga, m'dera la Bulhoek pafupi ndi Queenstown, namanga nyumba pamalo amene boma linati sanaloledwe kumangapo. Iwo anakana kuchoka. Pa May 24, 1921, apolisi pafupifupi 800 anafika ndi mfuti zachiwaya, ndipo anthu osachepera 163 anaphedwa tsiku limenelo. Pakati pa akufawo panali atate a Dora ndi achibale ena aŵiri apafupi. Dora anali ndi zaka 19.

Mu 1923 iwo anakwatiwa ndi John Tamana. M'zaka zoŵerengeka zotsatira anabala ana anayi ku Queenstown, ndipo atatu a anawo anamwalira akali aang'ono chifukwa cha njala ndi matenda. Mu 1930 banjalo linasamukira ku Cape Town, ndipo m'kupita kwa nthaŵi linakhazikika ku Blouvlei, mudzi wa zisakasa wa pafupi ndi Retreat, kudera kumene mchenga umauluka m'chilimwe ndipo madzi amaloŵa m'nyumba m'chisanu. Ana ena anabadwa. Pambuyo pake mwamuna wawo anachoka, ndipo thayo lonse la kudyetsa banja linatsala pa iwo.

Kufikira pano, mbiri imeneyi ingaŵerengedwe pamaliro popanda aliyense kutekeseka. Mtsikana amene anafedwa atate, mayi amene anaika ana atatu, mkazi amene anasiyidwa: ndithudi, anali wopirira. Koma apa mpamene liwulo liyenera kupendedwa.

Kodi Katunduyo Anamanga Ndani?

Mavuto a munthu ali amitundu iŵiri, ngakhale kuti m'moyo amafika osakanikirana. Pali amene amagwa monga chilala kapena ukalamba, amene palibe munthu angaimbidwe nawo mlandu. Ndiyeno pali amene amamangidwa ndi manja a anthu, monga mmene mtolo wa nkhuni umamangidwira, nasenzetsedwa pamutu pa wina. Vuto la liwu lakuti chipiriro nlakuti limafunditsa mitundu yonse iŵiriyo nsalu imodzi. Womvetsera amachoka pamaliro akumalingalira kuti mayiyo anangokhala ndi tsoka lalikulu ndi mtima waukulu.

Koma atate a Dora sanafe ndi mphezi. Ndipo njala imene inali m'nyumba za anthu akuda a ku Queenstown sinali nkhani ya mvula yokha. Lamulo la malo la mu 1913 linasiyira anthu akuda, amene anali ochuluka koposa m'dzikolo, pafupifupi 7 peresenti yokha ya nthaka, ndipo mabanja ambiri amene kale ankadzilimira anakhala odalira timalipiro tochepa. Mofananamo, madenga a ku Modderdam sanasasuke ndi mphepo. Panali lamulo, panali mkulu wa boma amene anasaina, panali woyendetsa makina. Kusimba moyo wa mayi wotero popanda kutchula zinthu zimenezi kuli ngati kutamanda munthu kaamba ka luso lake la kusambira, osanena kanthu za amene anamkankhira m'madzi.

Ndipo si maboma okha amene amapindula ndi kukhala cheteko. Mwamuna amene anachoka amapindula. Mwana amene anasiya ana ake kwa agogo, nalonjeza ndalama zimene sizinafike, amapindula nayenso. Pamene chipiriro chilankhulidwa monga chibadwa cha amayi, chinthu chimene iwo anangobadwa nacho, palibenso ngongole imene imatsala kwa wina aliyense. Mayi amakhala ngati mtondo, umene ntchito yake ndiyo kusinjiridwamo. Ndipo kodi ndani anafunsapo mtondo ngati watopa?

Anthu a ku Malaŵi ndi maiko oyandikana nalo sadzaona zimenezi kukhala zachilendo. Kuchiyambi kwa ma 1970, amuna a ku Malaŵi oposa 100,000 anali kugwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, atalembedwa ndi bungwe la Wenela. Kulembako kunaimitsidwa kwa kanthaŵi pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu April 1974, imene inapha Amalaŵi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo. Amuna ena anabwerako ndi njinga ndi wailesi, ena ndi chifuwa, ndipo ena anakhala machona. M'zaka zonsezo, kodi ndani analima munda, kuona kuti nyumba yafoleredwa, ndi kufunafuna ndalama za sukulu? Akazi amodzimodziwo, atakalamba, ndiwo analandira ana amasiye pamene Edzi inapululutsa achinyamata m'ma 1990. Ndipo lerolino, pamene akazi achichepere akugwira ntchito m'nyumba ndi m'masitolo a ku Bellville ndi Johannesburg, kaŵirikaŵiri amakhala agogo a ku Mangochi kapena ku Mzimba amene amadzutsa ana m'maŵa kuti apite kusukulu.

Komabe, kungakhale kulakwa kwinanso kuona mayi wotero monga wovutitsidwa chabe, ngati kuti iye sanachitepo kanthu koma kugwedwa ndi zinthu. Katundu wofananawo anasenzetsedwa anthu ambiri, ndipo ena anamtula panjira. Iye sanatero. Chipiriro chake chinali chosankha, chobwerezedwa m'maŵa uliwonse pamene anakoleza moto. Chotero liwulo siliyenera kutayidwa. Liyenera kudzazidwa: anapirira chakuti, m'chaka chakuti, chifukwa cha zochita za uje, ndipo akanatha kuchoka koma sanachoke.

Kodi Banja la Mayi Limathera Pati?

Pali mbali ina ya mbiri ya Mayi Tamana imene njovuta kuiloŵetsa m'mawu a pamaliro. Ku Blouvlei, akazi ambiri ankanyamuka mbandakucha kukagwira ntchito m'nyumba za azungu, akumasiya makanda m'manja mwa ana anzawo. Mayi amene anaika m'manda ana atatu sanathe kungopenyerera. Anayamba kusonkhanitsa anawo m'chisakasa ndi kuwasamalira masana, ndipo pambuyo pake, mothandizidwa ndi ena, ntchitoyo inakula kukhala sukulu ya mkaka. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe umatchulidwa ndi ambiri; iwo anauchita ndi manja awo.

Koma munthu amene wayamba kufunsa chifukwa chake ana a anansi ali ndi njala samalekera pamphika. M'ma 1940 Mayi Tamana anagwirizana ndi akazi ena a ku Cape Town amene anali kulimbana ndi kusoŵa kwa chakudya ndi kukwera kwa mitengo, ndipo analoŵa chipani cha Chikomyunizimu ndi cha ANC. Mu 1954 anakhala mmodzi wa atsogoleri a Federation of South African Women, gulu limene zaka ziŵiri pambuyo pake linatsogolera akazi pafupifupi 20,000 ku Pretoria kukakana mapasi. Mu 1955, iwo ndi Lilian Ngoyi anatuluka m'dzikolo popanda chilolezo cha boma kupita kumsonkhano wa amayi a padziko lonse ku Lausanne, Switzerland, ndipo anachezeranso China ndi Soviet Union. Anakhala kunja miyezi ingapo. Atabwerako, boma linawaletsa kupezeka pamisonkhano kwa zaka zisanu. M'ma 1960 anatsekeredwa m'ndende, ndiponso anasamutsidwira ku Gugulethu. Mwana wawo Bothwell analoŵa gulu lankhondo la Umkhonto we Sizwe, anagwidwa ku Rhodesia pankhondo ya ku Wankie mu 1967, naweruzidwa kuti aphedwe, ngakhale kuti chilangocho sichinachitidwe ndipo anakhalabe m'ndende.

Panopa wina angafunse moona mtima kuti: Kodi ameneyu ndiye mayi wodzipereka ku banja lake? Kodi mayi amene alibe mwamuna panyumba ayenera kudziika pangozi ya kumangidwa? Funsolo siliyenera kukankhidwira pambali monga lachipongwe. Tsiku lililonse limene mayi ali m'ndende, pamakhala mwana amene akudya kwa anansi. Ku Nyasaland, mu March 1959, Mayi Rose Chibambo anamangidwa patangopita masiku aŵiri atabala mwana wamkazi, ndipo khandalo linaloŵa nawo m'ndende ya Zomba. Chithunzi chawo chinaikidwa pa ndalama ya K200 mu 2012, ndipo moyenerera. Koma masiku oyamba a moyo wa mwanayo anathera kuseri kwa mpanda, ndipo palibe amene anampempha chilolezo.

Komanso pali yankho lamphamvu. Mayi Tamana anali atayesapo kale njira ya kusamala za m'nyumba mwawo mokha, ku Queenstown, ndipo njirayo inathera pamanda atatu aang'ono. Anali ndi chifukwa cha kulingalira kuti mpanda wa nyumba sungatetezere mwana ku njala imene ikuchokera ku lamulo. Munthu angagwirizane kapena kusagwirizana ndi zipani zimene iwo analoŵa, koma nkovuta kunena kuti anaziloŵa chifukwa cha kuiŵala ana. Anafikako kudzera mwa ana.

Nanga ndi mbali iti imene iyenera kusimbidwa? Zonse ziŵiri. Banja limene limakumbukira moona mtima limalola mwana mmodzi kunena kuti anawanyadira amayi, ndi wina kunena kuti anawasoŵa panthaŵi imene anawafunitsitsa, popanda kumuyesa wachiŵiriyo wosayamika. Zili chomwecho ngakhale kwa agogo amene sanaloŵepo m'ndale: amene anakondera mwana mmodzi, amene anauma mtima kwa mpongozi, amene anatulutsa mwana wamkazi sukulu kuti mlongo wake apitirize. Akuluakulu amati mako ndi mako angachepe mwendo. Mwambiwo sumanena kuti mwendowo ubisidwe. Umanena kuti uonedwe, ndi kuti mayiyo akhalebe mayi.

Ntchito ya Adzukulu

M'Chicheŵa, liwu lakuti adzukulu lili ndi matanthauzo aŵiri. Limanena za ana a ana a munthu, ndipo limanenanso za awo amene amakumba manda ndi kunyamula maliro. Ntchito ya adzukulu a kumanda imatha m'tsiku limodzi. Ya adzukulu enawo njaitali, ndipo mbali yake yaikulu iyenera kuchitidwa agogo akali moyo, pakuti zimene sizinafunsidwe zimatsikira m'manda limodzi ndi bokosi.

Nchifukwa ninji ntchito imeneyi singasiyidwire dziko? Bellville yemweyo akupereka yankho. Msewu wa Modderdam tsopano umatchedwa Robert Sobukwe Road. Pa yunivesite ya m'mphepete mwake pali Mayibuye Archives, nyumba yosungiramo zithunzi, makalata, ndi mafilimu a m'nyengo ya apartheid, zambiri za izo zobwezedwa kuchokera ku London kuchiyambi kwa ma 1990. Imodzi ya nyumba zogonamo ophunzira imatchedwa ndi dzina la Basil February, mnyamata amene anafa pankhondo ya ku Wankie yomwe ija. Kukumbukira kotero nkoyenera. Koma nkoonekeratu kuti dziko limafulumira kulemba dzina la munthu amene anafa tsiku limodzi ali ndi mfuti m'manja kuposa la munthu amene anaphika zaka 60. Mkazi wamba wa ku Modderdam amene anatola malata ake opindika nakamanganso ku Crossroads sayembekezera kuti nyumba ina idzatchedwa ndi dzina lake. Ngati adzukulu ake sasunga mbiri yake, palibe amene adzaisunga.

Mabanja ena achita zimenezi mokulira. Mu 2002 Elinor Sisulu, wobadwira ku Zimbabwe, anafalitsa buku lalikulu losimba moyo wa apongozi ake, Walter ndi Albertina Sisulu, onse aŵiri akali moyo. Mayi Albertina, namwino amene analera ana awo asanu ndi ana a achibale pamene mwamuna wawo anali m'ndende zaka zoposa 25, anamwalira mu 2011 ali ndi zaka 92.

Mabanja ambiri sadzalemba buku. Koma mdzukulu aliyense angakhale pamkeka ndi kufunsa. Kodi ana amene anamwalira akali makanda maina awo anali ndani, ndipo anaikidwa kuti? Kodi m'chaka cha njala munkadya chiyani, agogo? Ndani anakuthandizani, ndipo ndani anakana? Kodi musanakwatiwe munkafuna kudzakhala ndani? Mayankho ake angakhale osiyana kwambiri ndi mawu a pamaliro. Pamene wolemba mbiri Megan Vaughan anafufuza za njala ya mu 1949 m'chigawo cha Blantyre, anapeza kuti akazi anasunga chikumbukiro cha chakacho m'nyimbo za pamtondo, ndipo zambiri zinali zonena za amuna amene anapita kukafuna chakudya nasiya akazi ndi ana awo osoŵa chogwira. Akaziwo sanangodzitcha opirira. Anaimba za amene anawasiya. Mwachionekere, mtondo uja unali ndi mawu ake. Otamandawo ndiwo sanatchere khutu.

Ponena za Mayi Tamana, zaka zawo zomalizira sizinali zopuma. Mu October 1976 boma linalengeza kuti Transkei ndi dziko lodziimira palokha, ndipo mwa lamulo limenelo anthu onga iwo, amene anali atakhala ku Cape Town zaka 46, anayesedwa nzika za dziko lina. Mu 1980, pamene Zimbabwe inapeza ufulu, Bothwell anatulutsidwa m'ndende pambuyo pa zaka pafupifupi 13. Chaka chotsatira, ali okalamba ndi ofooka, Mayi Tamana analankhula pamsonkhano wokhazikitsa United Women's Organisation ku Cape Town, pamaso pa akazi amene ambiri a iwo anali a msinkhu wa ana ndi adzukulu awo. Anamwalira pa July 23, 1983, ali ndi zaka 81. Malamulo a mapasi anafafanizidwa mu 1986.